Nsomba Yobwereka kwa Alamu

Ndinkasita malaya pafupi ndi zenera pamene ndinamva amuna anga akuuza aneba kuti m'manja mwawo simusowa kanthu. Anati zaka zonse zimene akhala akuyang'anira nyumba yosungiramo katundu kuntchito kwawo, ngakhale msomali sunatulukepo pakhomo iwo osadziwa, ndiye kulera tiana ta nsomba si ntchito yoti ingawatulutse thukuta. Aneba anavomera ndi kukhosi. Ine ndinangotembenuza kolala. M'thumba la malaya omwewo ndinali nditangopezamo makiyi amene anatisakitsa nyumba yonse sabata imeneyo.

Thanki yagalasi inalowa m'nyumba mwathu ana atakula n'kuchoka. Anaiika pabalaza, pamene pankakhala kabati yanga ya mbale za alendo. Pansi anayala timiyala totsukatsuka, anadzala zomera za m'madzi, pamwamba anaika nyali. Kumbuyo anapachika bokosi losefa madzi: paipi imakoka madzi m'thanki, madziwo amadutsa m'masiponji n'kugweranso momwemo. Wogulitsa anawauza kuti kabokosi kakang'ono kakwana. Iwo anagula chachikulu, choyenera thanki yoti munthu angasambemo, ati munthu wa udindo sagula zinthu zongokwana.

Nsomba zawo zinali za mtundu wosaikira mazira, zobereka ana amoyo. Anazisankha okha, zikadali zazing'ono, potengera kunenepa kwake. Anadikira ana mpaka mvula inabwera n'kupita, kenako anazindikira kuti anagula zazikazi zokhazokha.

Apa m'pamene analowerapo achimwene anga. Iwo amakonza mawailesi ndi mafoni, ndipo kushopu kwawo ali ndi kathanki kakale kobiriwira kamene nsomba zimaswanamo popanda wozipempha. Chimwalirireni akazi awo, Lamlungu lililonse ankadya kwathu. Ndi munthu wodya bwino. Mbale imene adyeramo sivuta kutsuka. Tsiku lina anabwera ndi botolo muli yamphongo ya mchira wofiira, wotambalala ngati siketi. Anapangana pa tebulo lodyera kuti amuna anga aibwereke, ndipo ana akabadwa theka likhala la achimwene. Anagwirana chanza ngati akugulitsana nyumba.

Yamphongoyo sinachedwe kuzolowera. Zazikazi zitayamba kutupa mimba, m'nyumba munabwera malamulo atsopano. Chitseko chisamenyetsedwe. Wailesi ilire chapansipansi. Amuna anga, amene pobadwa ana athu anali kuntchito maulendo onse, ankakhala pa mpando kutsogolo kwa galasi akuphwanya chakudya cha nsomba pakati pa zala kuti chisanduke ufa, kuyeserera.

Tianato tinabadwa m'mawa wina. Anandiitana ndi dzanja, osatulutsa mawu. Ndinayang'ana nthawi yaitali ndisanaone kanthu, kenako ndinationa pakati pa zomera: maso awiri ndi kamchira, kalikonse kochepa ngati tsitsi la nsidze. Tinali tambirimbiri. Ndisaname, nanenso ndinaiwala tiyi pamoto. Iwo anatithirira ufa uja pang'ono, anavala jekete, ndipo pofika kuntchito anali atauza msewu wonse.

Madzulo tianato tinali titachepa. Mawa lake tinachepanso. Sabata isanathe m'thanki munatsala akuluakulu okhaokha.

Anasaka m'zomera tsamba ndi tsamba, anatembenuza timiyala, anayang'ana ngakhale pansi pa tebulo. Kenako anaimirira, manja kumbuyo, n'kuyang'anitsitsa yamphongo ija imene inkangozungulira ndi mchira wake, kamimba kali tantha. Mlandu unatha pomwepo. Anaivuula ndi kaukonde, anaibweza m'botolo n'kuiika pamwamba pa filiji. Ankaisinthira madzi ndi kuidyetsa nthawi yake, koma osaiyang'ana kumaso.

Achimwene atabwera Lamlungu anayesa kunena kuti nsomba za mtunduwu ngakhale amake amadya ana awo. Amuna anga anayankha kuti mwina kwina, koma zawozo zinakulira m'nyumba ya mwambo. Anakananso kupereka yamphongoyo, ati nkhani ikadali m'manja mwawo.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma Loweruka anakumana kometera tsitsi, achimwene ali pampando, nsalu m'khosi. Ometa anafunsa za tiana tija, pakuti anali atalonjezedwa kudzationa. Amuna anga anafotokoza zonse, ndipo ataona kuti atelala ndi ena odikira akumvetsera, anawonjezera kamchere.

“Chiweto chimatengera mwini wake,” anatero. “Mukachiitana kwanu chimadya za m'mbale, zikatha chimayamba ana a m'nyumba.”

Anthu anaseka. Achimwene nawonso akuti anaseka, anatsiriza kumetedwa, anatsazika aliyense. Lamlungu sanabwere.

Ndinaphika za anthu atatu, ndipo sabata yotsatira ndinaphikanso za anthu atatu. Zotsala zinkadzaza filiji, pansi pa mkaidi wa m'botolo uja. Nditamva nkhani yonse kwa akazi a ometa, ndinapita kushopu. Ndinawapeza achimwene akudya buledi wouma ndi tiyi pakati pa mawailesi otsegula mimba. Anati ntchito yachuluka. Pabenchi yogwirirapo ntchito panali fumbi.

Kunyumba ndinawauza abambowo kuti ine m'bale ndili naye mmodzi, ndipo nsomba m'sitolo zilimo zambiri. Iwo anati chilamu n'kuseka, munthu wosamva nthabwala n'ngovuta kukhala naye. Koma Lamlungu nthawi ya nkhomaliro ndinkawaona akuponya diso kukhomo, ndipo nyama ya m'mbale yachitatu sankaikhudza.

Njira yopepesera sankaidziwa, choncho anasankha imene amaidziwa: kubweza katundu pamaso pa mboni. Anati yamphongo ibwerere kwa mwini wake mwadongosolo, anthu aone kuti pangano latha, popeza theka la zinthu zimene kulibe silipatsidwa. Anaitana ometa, atelala ndi aneba. Achimwene ndinachita kukawachonderera ndine, ndipo anati abwera kudzatenga nsomba yawo basi.

Anabweradi. Anaima pafupi ndi chitseko, chipewa m'manja. Nditawauza kuti chakudya chapsa, anati, “Ndadya kale, achemwali.” Chibadwire ndinali ndisanawamvepo akunena mawu amenewo.

Amuna anga anayamba ndi mbiri ya thanki. Anafotokoza za timiyala, za nyali, za kutentha kwa madzi. Mboni zinamwa tiyi. Ali pafupi kufika pa chigamulo, ometa, amene sangakhale chete nthawi yaitali ngakhale pamaliro, anafunsa chifukwa chake bokosi lakumbuyo linkangodontheza madzi ngati mpope wakutha, chonsecho n'lalikulu chotero.

Funso lotere amuna anga sangalilambalale. Anati n'chifukwa choti chigulireni sanalitsegulepo, poti makina apamwamba safuna kugwiragwira, koma poti afunsa awaonetsa mmene limagwirira ntchito. Anazimitsa magetsi ake, anapinda manja a malaya, analinyamula n'kuliika m'beseni pa tebulo. Anachotsa chivundikiro. Anatulutsa siponji yoyamba, yakuda bii, akufotokoza kuti iyi imagwira zinyalala zikuluzikulu. Anatulutsa yachiwiri. Kenako anasuzumiramo.

Pansi m'bokosimo, m'madzi a matope, munali tinthu tikuthamangathamanga. Tinali titakula, tonenepa ngati njere za mpunga, ndipo tina tinali titayamba kale kufiira kumchira. Paipi ija, ndi mphamvu zake zoyenera thanki yosambamo, inkatikoka kamodzikamodzi kudzera m'mipata yake, ndipo m'katimo tinapeza nyenyeswa zokwanira ndi mtendere umene kunja kunalibe.

Tonse tinazungulira beseni. Atelala anavala magalasi n'kufunsa mwaulemu ngati amenewa ndi omwe anadyedwa aja, kapena ndi ena.

“Paja munanena zoona, bwana,” anatero aneba. “M'manja mwanu simusowa kanthu. Zimangokhala zili mosungiramo katundu.”

Amuna anga anaima nthawi ndithu, madzi akudontha m'zigongono. Ndimawadziwa bwino, ndipo ndinaona kuti akufunafuna khomo lotulukira. Anayesa limodzi: anati mwina ena anadyedwadi, n'zosatheka kudziwa. Achimwene ankangoyang'ana m'beseni, chipewa chikuzungulira m'manja.

“Mayi, tandipatsani mabotolo awiri oyera,” anatero amuna anga potsiriza.

Anathiramo madzi a m'thanki, anatenga kaukonde, n'kuyamba kugawa: kamodzi uku, kamodzi uko. Inali ntchito yochedwa, pakuti tiana ta nsomba sitidziwa kuti tili pamlandu. Sanasankhe tonenepa kuti tikhale tawo. Pa zimenezo ndimawaikira umboni. Ometa ankaloza tobisala m'makona. Kotsiriza kanali kosagawika, kofiira mchira kuposa tonse, ndipo anakaika m'botolo la achimwene popanda kufunsa munthu.

Kenako anapita pafiliji, anatsitsa botolo la mkaidi ndi manja awiri n'kuliika pakati pa tebulo. Anakonza kukhosi. Sanayang'ane achimwene, anayang'ana nsombayo.

“Achikulire,” anatero kwa iyo, “tinakunamizirani. Munabwera kudzathandiza, ntchito munagwira, ife tinakulipirani mbiri yoipa. Zimene ndinanena kometera tsitsi zija ndazimeza, pamaso pa omwe anazimva. Ndipo kumene munachokera n'kwa anthu abwino. Pakhomo pano timawasowa.”

Nsombayo inatembenuka n'kutionetsa mchira. Ometa anatsegula pakamwa, atelala anawaponda phazi.

Achimwene anatenga botolo la tiana, analikweza kuzenera n'kuliyang'ana mbali zonse, monga amachitira ndi foni imene mwini wake akulumbira kuti sinagwe. Kenako analiika pafupi ndi la yamphongo.

“Yamva, alamu,” anatero. “Mwini wakenso wamva.”

Anapachika chipewa pa msomali wake wakale kuseri kwa chitseko, anakoka mpando wawo, n'kufunsa ngati chakudya chija chikadali chofunda.