Khomo Lachiwiri

Kwa zaka zitatu Adirekita anakhala akupempha chinthu chimodzi ku khonsolo: chilolezo choboola khomo lachiwiri pa holo imene gulu lawo linkachitiramo zisudzo. Ndi khomo limodzi, a zozimitsa moto ankalola owonera makumi asanu okha, pomwe mabenchi anali okwana anthu mazana awiri. Mliri wa matenda umene unatseketsa malo osonkhanira unasiya gululo lili mafupa okhaokha, ndipo popanda khomolo holo inali yakufa.

Kalata yawo inagona m'dirowa ya kalaliki mpaka kuchita nkhungu. Tsono Adirekita, munthu wokonda kumva mawu ake omwe, anayamba nkhondo. Analalata pa wailesi, analemba sewero la kalaliki wogona atatsamira chidindo. "Masulani malamulo, luso lipume!" ankafuula motero. Khonsolo inamva msanga, poti chisankho chinali pakhomo. Inalengeza kuti pofuna kudzutsa malo a zisudzo, odyera ndi ogona alendo, mwini nyumba aliyense angathe kuboola, kugumula kapena kusintha ntchito ya nyumba yake osapempha munthu. Pachithunzi cha m'nyuzipepala Adirekita anaima kutsogolo chifuwa chili nganganga, mpaka kuphimba meya. Chikalata cha lamulo latsopanolo sanachiwerenge n'komwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Lolemba m'mawa anafika pa holo atanyamula hamala yoboolera khomo paphewa, osewera awo ali pambuyo. Anapeza mabenchi ataunjikidwa pakona, amisiri awiri akukoka tepi yoyezera pa siteji. Pakati panaima mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, yemwe ndiye anali mwini nyumbayo.

"Alamu, ndikuthokozeni bwanji!" anatero mwini nyumbayo, n'kuwagwira chanza ndi manja awiri. "Kalata yanga yopempha kuti muno mukhale lesitilanti yatha zaka zisanu ndi ziwiri m'dirowa yomwe ija, pansi pa yanu. Kalaliki uja ankangoti nyumba ya zisudzo sisinthidwa chisawawa. Ine ndinali nditataya mtima. Koma inu, pakamwa mulipo!"

Adirekita anatsitsa hamala ija pansi. Kalaliki waulesi uja, amene anamuseka pamaso pa tauni yonse, ndiye anawasungira denga zaka zonsezi. Manyazi anawagwira kuposa mkwiyo.

"Nanga ife tipite kuti, alamu?"

"Inu ndi anthu aluso, simungasowe pochitira. Tsopano ngakhale pamsewu n'pololedwa. Siteji ikhala khitchini. Koma ganizo lanu la khomo lija n'labwino zedi, tiboola kuti makireti a zakumwa azilowera kumeneko."

Adirekita anatembenukira gulu lawo, kufuna kuti wina akwiye nawo. Onse anazyolika. Kenako mayi amene anasewera mbali zonse zazikulu kwa zaka khumi, amene iwo anamuphunzitsa ngakhale kaimidwe, anakonza kolala ya bulauzi yake n'kuwalambalala.

"Pepani bwana," anatero kwa mwini nyumbayo, "operekera zakudya mwapeza kale?"