Ziwala za pa Tebulo la Pawindo

"Chotsani izi! Mwatibweretsera tizilombo?"

Mbale ndinali nditangoiika kumene. Bambo wa mkanjo woyera mbee uja anaikankha ndi nsonga ya chala, akukalipa m'Chingerezi, ndipo anthu a matebulo oyandikana nafe anacheuka. Ine thukuta kamukamu, chonsecho eyakoni inkazizira ngati Dedza mu Juni.

Linali tsiku langa loyesedwa. Chifikireni ku Doha ndinkangotsuka mbale kuseri kwa lesitilanti ya zakudya za ku Mexico, pamwamba pa nyumba ina yosanja ku Al Dafna, manja mpaka kutuwa. Masana amenewo a Jessica, supavaiza wathu wa ku Katete, anandibwereka epuloni yakuda ya maweta.

"Macfussy, ukangolakwitsa, khalasi, zako zatha, ukubwerera ku sinki," anatero. "Ndipo pamaso pa makasitomala sutafuna kanthu, olo chingamu. Wamva?"

Tsono m'mbalemo munali gwakamole, mapeyala osakaniza ndi tsabola ndi mandimu, pamwamba atawaza ziwala zokazinga. Ziwala zenizeni, abale! Shefu wathu Ignacio ankachita kuziitanitsa pandege kuchokera kwawo. Tsiku loyamba kuziona ndinaseka mpaka misozi, poti kwathu ku Ntcheu anzanga a kusekondale ankanditcha Chiwala chifukwa cha ndiwo zomwezi, ati n'za amphawi.

Pambali pa wokalipayo panali atate ake, nkhalamba ya ndevu zoyera, imene chikhalireni sinakhudze chakudya, inkangoyang'ana pawindo. Chingerezi chonse chimene a Jessica anandiloweza pamtima chinabalalika. Chinatsala n'chakwathu: mlendo akakayikira chakudya, mwini wake umayamba walawa. Ndinawerama pang'ono, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, n'kutola chiwala chimodzi, m'kamwa ponyu. Kukutu, kukutu.

Podzutsa maso ndinaona a Jessica pakhomo la khitchini atagwira pakamwa. Ndinadziwiratu kuti zanga zada.

"Jarad?" inafunsa nkhalamba ija, kutchula dzombe m'Chiarabu.

Inakokera mbale kufupi, n'kutola chiwala, kuchitembenuza uku ndi uku, n'kuchiika m'kamwa. Inatafuna itatsinzina. Kenaka inayamba kulankhula Chiarabu osapumira, manja akukupiza m'malere, mwana wake kukamwa kuli yasa.

"Akuti ali mwana ankadya dzombe ndi bambo awo," mwanayo anandimasulira, mawu atatsika. "Ine sanandiuzepo. Akufunsa ngati kwanunso mumadya."

"Kwambiri, bwana," ndinayankha, chidali chili patsogolo. "Timazigwira m'mamawa mame asanaume, zisanayambe kuuluka."

Nkhalambayo itamva inaseka mpaka kutsokomola, n'kuitanitsa mbale ina. Ndinanyada, sindinama. Ndiwo zimene anzanga ankandiseka nazo ndinazinyamula m'mwamba ndi manja awiri, n'kudutsa nazo mwachifatse pakati pa anthu a masuti.

Alendo atapita, a Jessica anandikodolera kukhitchini. Sindinadikire kuuzidwa, ndinayamba kumasula epuloni.

"Nanga ukuvuliranji?"

"Lamulo ndaswa, asisi."

"Waswadi, ndipo ukadzabwereza ndidzakupotokola khutu. Manga epuloniyo iwe! Agogo aja asungitsa tebulo lomwe lija Lachisanu, ati akufuna weta yemwe uja wodya ziwala."

Ndinamanga lamba wa epuloni kawiri, mfundo yolimba, yoti aliyense wofuna kundivula atuluke nayo thukuta.

A Jessica anasuzumira kuseri kwa mafiriji kuona ngati Shefu ali pafupi. Kenaka mayi yemwe uja, woletsa anzake chingamu, anapisa dzanja m'mbale ya ziwala n'kuyamba kutafuna, maso ali kudenga.

"Mchere wachepa," anatero, n'kutapanso zina.