Pansi pa Mkono wa Atate

Anthu akamanena kuti magazi ndi magazi, ine ndimangowayang'ana. Ayambe akhala kaye m'kalasi limodzi ndi mwana wa mkazi wachiwiri wa atate awo, kenako adzalankhule.

Ine ndine Susan, kwathu ndi kumudzi cha ku Mkaika. Atate anga, a Ezekiel, anasiya amayi ine ndili wamng'ono n'kukakwatira ku Sinda, komwe anabereka mtsikana dzina lake Vainess. Chaka chatha ndinalembetsa maphunziro ojambula zithunzi pasukulu ina ya ntchito zamanja ku Katete, kuseri kwa msika. Ndinkati ndapeza changachanga, chimene atate adzandionere. Tsiku loyamba lomwelo ndikulowa m'kalasi, ndinangopeza Vainess wakhala kale kutsogolo, pakompyuta yabwino, ija yosazima yokha. Asa! Dziko lonse ili, anasowa sukulu ina?

"Asisi!" anafuula, n'kundikumbatira ngati tinayamwa bere limodzi.

Ndinangouma, manja ali pansi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti Vainess sanandilakwirepo. Akanakhala wamwano, bwenzi ndikumuda momasuka. Koma iyayi, mtsikanayo ndi wansangala, ndipo mutu wake ndi wakuthwa. Aphunzitsi athu a Wilfred akangoonetsa kamodzi mowonjezerera kuwala pachithunzi chakuda, iye wamaliza kale. Ine mausi inkandithawa m'manja, kamuvi kaja n'kukasowa pakona. Ndikatukwana chamumtima, ndimangomva a Wilfred akuti, "Bwerani muone za Vainess!" Tonse n'kudzuka kukaunjikana kumbuyo kwake. Tsiku ndi tsiku nyimbo yake inali yomweyo, mpaka dzinalo linandifika pakhosi.

Pang'onopang'ono ndinayamba kugwira. Ndinadziwa kudula chithunzi, kuwongola chopendekeka, kuchotsa ziphuphu pankhope ya mkwatibwi. Kenako tinafika pa maleya. A Wilfred anati chithunzi mukompyuta chili ngati mapepala oonekera osanjikizana: munthu pake, mtengo pake, thambo pake, ndipo ukhoza kusuntha limodzi ena osagwedezeka. Anationetsa pachithunzi cha ukwati, n'kuchotsa mtengo wamagetsi umene unamera pamutu pa mkwati. Kalasi lonse linaseka. Ine sindinaseke, ndinakweza dzanja.

"Aphunzitsi, nanga munthu angachoke?"

"Angachoke," iwo anatero. "Koma ukumbukire kuchotsanso mthunzi wake. Ambiri amagwidwa ndi mthunzi."

Tsiku lomwelo anatiuza kuti pakutha pa temu kudzakhala chionetsero. Aliyense adzapachika chithunzi chimodzi chimene wakonza yekha, ndipo makolo adzaitanidwa. Vainess anatembenuka n'kundinong'oneza kuti, "Dadi abwera, andilonjeza." Dadi! Ine chibadwire sindinawaitanepo choncho.

Chithunzi chimene ndili ndi atate n'chimodzi chokha. Tinajambulitsa kumwambo wa Kulamba, iwo atabwera ndi Vainess kudzaonerera magule. Anatigulira chitenje chofanana, ndi duku lomwe, kuti anthu aone kuti sakondera. Koma pachithunzipo atate ali pakati, dzanja lawo lili paphewa la Vainess, iye wawatsamira pachifuwa, mano onse ali panja. Ine ndaima kumbali, manja ndapinda kutsogolo, ndipo pakati pa ine ndi iwo pali mpata woti mbuzi n'kudutsa.

Mpatawo sindinaupange mwadala. Kwathu mtsikana akavinidwa, anamkungwi amamulangiza kuti atate ake aziwaopa. Usawakhudze, usakhale nawo pamphasa imodzi, ukamalankhula nawo ugwade chapatali. Ine ndinamva, ndinasunga. Vainess amayi ake anamulera chitauni, zimenezo sanazimvepo. Amawavula atate chipewa n'kuvala iye, amawadyera mbale imodzi. Ndiye taonani, wosunga mwambo ndi amene waima kunja ngati mlendo wongodutsa, wosadziwa kanthu ndi amene ali m'khwapa. Chilungamo chake chili pati pamenepa?

Ndinasamukira pakompyuta yakumbuyo, pafupi ndi khoma, kuti wina asandisuzumire. Ndinayamba ndi kumufufuta Vainess. Sindinama, ndinamva kukoma. Ndinayambira kumano aja, kenako duku, mapewa, mpaka kuzala zakumapazi. Pamalo pake ndinadzazapo fumbi ndi miyendo ya anthu amene anali kumbuyo, kutapa apa n'kumata apo. Mthunzi wake sindinauiwale.

Atachoka, dzanja la atate linatsala m'malere, zala zitapindika, likugwira mphepo. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndinadzidula ine ndemwe kumbali kuja, ndikutsata m'mphepete mwa thupi langa mosamala ngati ndikusenda mbatata, n'kudzikoka ndi mausi mpaka pansi pa mkono wawo.

Apa ndiye panali ntchito. Ine ndine wamtali kuposa Vainess, choncho phewa langa linkawameza dzanja. Ndinadzichepetsa pang'ono. Mutu wanga unali woongoka ngati wa msilikali, ndinaupendeketsa kuti utsamire pajekete lawo. Zala zawo zinkabisika kumbuyo kwanga, ndinazidula n'kuziika paleya yapamwamba kuti zigwire phewa langa. Ndili pakati, magetsi anazima ndisanasunge ntchitoyo. Mayo ine! Ndinamenya tebulo mpaka a Wilfred anandidzudzula. Mawa lake ndinayambiranso, ndipo ndinamufufuta Vainess kachiwiri, mwachangu kuposa poyamba.

Masana ena mwiniwakeyo anabwera ndi chimanga chootcha, n'kundibenthulira.

"Asisi, mukubisa chiyani kumbuyo kuno? Ndikuthandizeni?"

Ndinatseka chithunzicho msangamsanga. "Pita ukathandize amene akulephera."

"Ine ndikukonza cha amayi ogulitsa mtedza kumsika. Mudzabwere mudzandiuze ngati mitundu ili bwino."

Anachoka akuimba. Chimangacho ndinadya, nanga ndikanataya?

Nditamaliza ndinaitana a Wilfred. Anakulitsa chithunzicho mpaka timadontho tinaoneka, akufufuza m'mbali mwa duku, m'zala, m'fumbi lapansi. Anafika pakamthunzi kamene ndinaika pansi pa dzanja la atate, paphewa langa, n'kuimba mluzu.

"Susan, iyi ndiye ntchito. Msoko sukuoneka paliponse."

Kanali koyamba kundiyamikira. Koma iwo anali ataonapo chithunzi choyamba chija, ndiye anatsitsa mawu.

"Nanga mnzako wachoka apayu akudziwa?"

"Munatiuza kuti tizichotsa chosokoneza chithunzi."

Anandiyang'ana, anapukusa mutu, n'kukachisindikiza.

Tsiku la chionetsero tinasesa kalasi, tinakankhira makompyuta kukhoma, zithunzi tinazipachika pachingwe ndi mapegi. Amayi anafika m'mawa panjinga yahayala, atavala chitenje chawo chakutchalitchi. Atangoona changa anagwira pakamwa, n'kundikokera pakona.

"Iwe! Wawagonera atate ako pachifuwa? Mwana wamkulu ngati iwe? Anthu akwathu akaona ati sitinakulange!"

"N'zapakompyuta chabe, amayi. Sindinawakhudze."

"Kompyutayo ilibe manyazi, nawenso ulibe? Chotsa!"

Sindinachotse. Amayi akanatha kukalipa mpaka dzuwa kulowa, ine maso anga anali pakhomo.

Atate anatsika minibasi yaku Sinda chakumasana, atavala jekete lomwe lija la pachithunzi. Vainess anawathamangira, anawagwira dzanja n'kuwakokera kuchithunzi chake cha amayi a mtedza aja. Ine ndinagwada pafupi ndi khomo n'kuwapatsa moni. Anayankha bwino, anafunsa za amalume ndi za mvula, n'kupitirira. Anayenda ndi chingwecho chithunzi ndi chithunzi, akugwedeza mutu, manja ali kumbuyo. Ine ndinkangowatsata ndi maso.

Woyamba kuchiona anali Vainess. Anaima, kumwetulira kuja kunazima, anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine. Ndinamubwezera diso. Ndinkafuna alire, ndinkafuna amve kamodzi kokha mmene kumbali kumazizirira.

Atate anafika, anaima, nkhope yawo yonse inawala.

"Aaa! Taonani! Bwerani muone kuno, ine ndi mwana wanga!"

Anthu anasendera. Ine ndinamva misozi ikubwera, ndinaluma mlomo kuti isagwe. Ndinayamba kusuntha ndi mawondo kuti ndiyandikire.

"Vainess, mama, koma unatulukamo bwino!" atate anatero, akugogoda pepalalo ndi chala, pankhope yanga yeniyeni. "Taona mmene wandigwirira. Uyu ndiye mwana wa adadi ake."

Ndinaima pomwepo, ndili chigwadire. Nkhopeyo inali yanga, mphumi yanga, kachipsera kanga ka pachibwano. Sanayang'anitsitse n'komwe. Anangoona dzanja lawo lili paphewa la mtsikana, basi anadziwa kale kuti ndi ndani.

"Dadi, ameneyo si..." Vainess anayamba.

Ndinamuponyera diso loti akangomaliza mawuwo ndimudya wamoyo. Anatseka pakamwa. M'maso mwake munalibe mkwiyo, munali chisoni, ndipo chisonicho chinandiwawa kuposa mbama.

Atate anapitiriza, akuseka. "Paja apa panali mkulu wako, eti? Mwamuchotsa? Komadi tsopano chakhala bwino. Anaima patali uja, chithunzi chinkaoneka ngati cha anthu osadziwana. Wakonza ndani?"

A Wilfred anakhosomola. "Ndi Susan, bambo."

Atate anatembenuka, anandifunafuna pakati pa anthu, mpaka anandipeza pansi pomwe ndinagwada.

"Iwe? Wadzichotsa wekha? Koma mwana uyu ali ndi mtima wabwino, alibe nsanje ngati ana ena. Wamva, Susan, undipangire china chachikulu, cha mufulemu, ndikapachike pabalaza ku Sinda. Utha?"

Amayi anali atatuluka panja. Vainess ankayang'ana pansi. Ine ndinawomba m'manja mwaulemu, monga anandiphunzitsira.

"Nditha, atate."