Akasinja Awiri a Malemu Ahamadi

Katija anali kutsuka mbale za sadaka pamene njinga yamoto inaima kumsewu. Mbale imene inali m'manja mwake anali ataitsuka kale kawiri, koma anaiviikanso m'madzi.

Linali tsiku lachitatu chiikireni m'manda mwamuna wake, Ahamadi, amene ankakonza mawailesi ndi mafoni pa Migowi. Pamaliropo panabwera mayi wina wosadziwika. Anakhala kumbuyo kwa azimayi anzake, analira mwakachetechete, ndipo pochoka anauza a Faiz, akulu ake a malemu, kuti abweranso ndi zinthu zina za malemuwo zimene zinali kunyumba kwake. Dzuwa lisanalowe nkhaniyo inali m'kamwam'kamwa, chifukwa azimayi ophika pamaliro makutu awo sagona.

"Alamu," anatero a Faiz m'mawa wa tsikuli, "ngati kwinaku kuli mwana, chipembedzo chathu mukuchidziwa. Za shopu ija tisayambe takamba tisanamve mayiyo."

Kwa Katija za shopu zinalibe kanthu kwenikweni. Chinkamuwawa chinali chakuti kwa zaka zinayi, Loweruka lililonse, Ahamadi ankapalasa njinga kulowera cha ku Fort Lister, n'kubwerako mawondo ali fumbi lokhalokha, nkhope ikuwala ngati wadzola mafuta. Akamufunsa ankangoti, "Ndinali kwa anzanga." Katija ankaopa kuti zaka makumi atatu za banja lake zinali ndi mnzake wogawana naye.

Panjingapo panatsika anthu atatu. Woyendetsa ndi mayi uja anathandizana kutsitsa bambo wachikulire amene ankakoka mwendo wakumanja, dzanja la mbali yomweyo litapindikira pachifuwa. Katija anayang'ana kumsana kwa mayiyo. Kunalibe mwana. Pamutu pake panali katoni yomanga ndi mphira.

Atawayalira mphasa n'kulonjerana, mayiyo anati dzina lake ndi Enelesi, ndipo achikulirewo ndi bambo ake, a Laston. A Faiz si munthu wozungulira.

"Mayi, mutikhululukire. Malemuwa anali ndani wanu?"

"Anali anzawo a bambowa. Ine ndinkangowaphikira tiyi." Enelesi anayang'ana nkhope zonse zimene zinkamuyang'ana, kenaka anagwira pakamwa. "Kodi mwaganiza zimenezo? Ayi ndithu. Amuna anga ndi a Sitima, omwe atibweretsawa."

A Sitima anavula chipewa n'kuwerama pang'ono, ngati munthu amene wangouzidwa kuti wapambana mlandu umene samaudziwa.

Mtima wa Katija unakhala pansi. Anamva kupepuka kumene sanakumvepo chiyambireni matenda a mwamuna wake, ndipo anachita manyazi kuti akufuna kuseka tsiku la sadaka.

Enelesi anamasula katoni ija. Munali akasinja awiri a nkhondo, zidole zoyendetsa ndi rimoti, aliyense wautali ngati mkono wa munthu kuchokera pachigongono. Wina anali wobiriwira, wina wa mtundu wa mchenga. Katija anawazindikira pomwepo. Ahamadi anabwera nawo kuchokera ku Joni, ndipo madzulo ankagwada pabwalo lomweli kuwakweza pamulu wa njerwa. Tsiku lina Katija anamunyoza pamaso pa alendo a kumzikiti kuti bambo wa ndevu zoyera akukwawa ndi zidole. M'mawa mwake akasinjawo sanaonekenso. Iye ankaganiza kuti anagulitsidwa.

"Ku Joni tinkagwira ntchito kwa bwana mmodzi," anatero a Laston, mawu akutuluka molemera mbali imodzi ya pakamwa. "Pochoka anatipatsa mmodzimmodzi. Wangayu, wamchengayu, ndinamusiya kwa Ahamadi chifukwa ndiye ankadziwa zokonza. Nditagwa ndi sitirokoyi anabwera nawo onse kwathu. Anati dzanja silichira ndi kugona."

"Ndiye Loweruka lonse lija?" anafunsa a Faiz.

"Mpikisano, achimwene. Kuseri kwa nyumba tinalambula njira, kukwera chulu, kutsika, kudutsa pangalande, kukathera pamtengo wa mango. Wobiriwirayu ndi wake. Ndi wolemera, pamatope sabwerera. Wanga ndi wopepuka, amakhota msanga, koma pachulu ankalira ngati mbuzi. Matcheni oyendera apulasitiki aja tinachotsa, Ahamadi anaitanitsa achitsulo, tonse awiri. Komabe zaka zitatu zathunthu ankandisiya kutali."

A Laston anaseka, n'kupukuta malovu ndi dzanja labwinolo.

"Koma chaka chino zinatembenuka. Kuyambira nthawi yokolola ndimamuposa ine. Ankafika pamango mochedwa, akudandaula kuti, 'A Laston, dzanja lanulo lachira, mukungondinamiza.' Tsono tabweza wakeyu. Kungoti wayamba kufooka. Paja ali ndi mwana wodziwa zimenezi?"

Imrani, mwana woyamba wa Katija, amene ankagwira ntchito ndi bambo ake pashopu, anakatenga zomasulira m'nyumba. Anakhala pakhonde pafupi ndi mayi ake, n'kutembenuza kasinja wobiriwira uja chagada. Timasikulu anatiika m'dzanja la mayi akewo kuti tisasowe m'fumbi. Atatsegula anakwinya nkhope. Magiya anali apulasitiki, mano atatha. Mota inali yakale, yakuda ndi kupsa, ndipo batire inali itatupa.

"A Laston, ndingaone wanuyo? Ndifananize mawaya."

"Ona, mwana wanga. M'kati ine sindidziwamo. Bambo ako ndiwo ankamutenga kukamuchotsa fumbi kushopu."

Imrani anatsegula wamchenga uja, timasikulu take n'kupatsanso mayi ake. Kenaka anasendera kwa mayi ake n'kulankhula motsitsa.

"Amayi, mukuona magiya achitsulowa? Ndi mota iyi, ndi batireyi? Ndinakalandira ndine pabasi mu Epulo. Ababa anati n'za kasinja wawo. Zimene zili mwa wawomu ndi zakale zochokera muno. Anasinthanitsa."

Katija za magiya sankazidziwa, koma chatsopano ndi chakutha ankazisiyanitsa. Anayang'ana m'mimba mwa akasinja awiriwo, kenaka anayang'ana rimoti imene inali pamiyendo ya a Laston. Timitengo toyendetsera tinali titakulitsidwa ndi mitu yosema, kuti dzanja lopindika lizitha kukankha ndi chikhatho. Mituyo inali yokulungidwa ndi nsalu yamaluwa ofiira. Unali mpango wake wakale, umene anaufunafuna mwezi wonse, mpaka kuganiza kuti ukuvalidwa ndi mutu wina kuseri kwa phiri la Michesi.

"Ndiwauze?" anafunsa Imrani.

"Tseka."

"Mwapeza chiyani?" anafunsa a Laston ali pamphasa.

"Fumbi basi," anayankha Katija. "Koma wamalemuyu mubwerere naye. Pano alibe wopikisana naye. Imrani azibwera Loweruka."

Imrani anayang'ana mayi ake, anavomera ndi mutu, kenaka anatseka wobiriwira uja n'kukamuika pamphasa. A Faiz, amene m'mawa uja anali ndi malamulo ambiri, anali atagwada pamphasa, akuzunguza mutu wa kasinja wobiriwira ndi chala n'kufunsa ngati mfutiyo imaomba.

"Akamaliza kutseka ndikuonetsani," anatero a Laston, akuika chikhatho chopindika chija pansalu yofiira. "Chipika chili apocho ndimukweza pomwepo. Muone nokha dzanjali. Ahamadi sankakhulupirira."

Katija anatambasula dzanja lake. Imrani anabwezera chivindikiro pa kasinja wa a Laston, ndipo mayi ake anayamba kumupatsa timasikulu tija kamodzikamodzi, mpaka komaliza.