Nsinjiro za Azakhali

Fomu ija inatha masiku anayi m'chikwama cha Modesta, mpaka inayamba kupindika m'makona chifukwa choitulutsatulutsa. Mizere yonse anali atalemba kupatula umodzi, wofunsa dzina la amene azibweretsa nsinjiro. Lachisanu masana inkafunika kubwezedwa, ndipo apa n'kuti kutacha Lachinayi.

Modesta ndiye ankayang'anira phala la ana onyentchera pa tchalitchi chawo ku Chirimba. Ana oposa makumi awiri, onse otumizidwa ndi a kusikelo, ankabwera m'mawa uliwonse kudzamwa phala la soya lothira nsinjiro. Kwa zaka zitatu nsinjirozo zinkachokera ku Bangwe kwa azakhali ake a Bernadeta, ndipo palibe anadandaulapo. Koma chaka chino bungwe lothandiza ntchitoyi linabwera ndi lamulo lakuti chakudya cha anawa chizigulidwa kwa ogulitsa ovomerezeka okha, amene katundu wawo anayezedwa ndipo ali ndi satifiketi.

A Hawkins, mlangizi wa zaumoyo, munthu woti akayamba kufotokoza chinthu amaiwala kuti anthu ali ndi kwawo, ndiwo anabweretsa fomuyo.

"Vuto ndi chuku, mayi," anatero. "Mtedza ukasungidwa ndi chinyezi umachita chuku, ndipo poizoni wake ngakhale mukazinge bwanji sachoka. Mwana wofooka kale amamuwononga chiwindi, sakulanso bwino. Ku Machinjiri kuli gulu la a Petronela, mapepala awo ali bwinobwino. Koma ngati mukufuna wanu wakale, lamulo likulola miyezi isanu ndi umodzi podikira kuyeza, bola musaine kuti mwadzionera nokha mmene amakonzera ndipo mwakhutira."

Kampata kameneko ndi kamene kanamusowetsa mtendere. Chikhala kuti anangoletseratu, akanati ndi lamulo, n'kusamba m'manja. Koma tsopano nkhani yonse inali pa dzanja lake, ndipo a Bernadeta sanali munthu wamba kwa iye. Mayi ake atamwalira, azakhaliwa ndiwo anamutenga, n'kumulera ndi mtondo ndi munsi mpaka anamaliza sukulu.

Anasiya mwana wake Thandie kwa aneba n'kukwera minibasi. Ya ku tauni inachedwa kudzaza, ya ku Limbe inkaima paliponse pamene munthu wakanda mutu. Modesta ankangogwedeza mwendo, kutsegula chikwama, kutseka, ngati fomuyo ingathawe.

Anawapeza a Bernadeta pakhonde, miyendo atatambasula, mulu wa mtedza wosasenda uli pa chiguduli. Pambali panali beseni la madzi. Ankatunga ndi dzanja n'kumawaza pamulupo, kutembenuza, kuwazanso.

"Iwe Modesta, lero njira ya ku Bangwe waikumbukira? Tenga mpando, undithandize."

"Madziwo ndi a chiyani, azakhali?" anafunsa, ngakhale yankho ankalidziwa. Ali mtsikana, wowaza anali iye.

"Waiwala? Kuti makoko afewe. Ukuyesa matumba onsewa ndingasende bwanji ndi nyamakazi yangayi?"

Modesta anakhala pansi n'kuyamba kusenda. Zala zinakumbukira zokha. Mtedza wosendawo, uli wonyowa choncho, azakhali ankauthira m'thumba la pulasitiki n'kumanga pakamwa kuopa nkhuku za aneba. Wina unali wokwinyika, wina wakuda kumutu. Modesta anayamba kuuika padera, koma dzanja la azakhali linausesera momwemo.

"Kutaya chakudya? Zikasinjidwa zonse zimafanana."

"Azakhali, akuti madziwa ndi amene amabweretsa chuku. Akuti ana..."

"Akuti ndani? Iwe unakulira nsinjiro zomwezi, taona mmene wadzazira pampandopo! Pepala limadziwa kusinja?" Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo Modesta naye anaseka, mtima ukumupweteka.

Za fomu sanatchule. Potsanzikana, a Bernadeta analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kajumbo kodzaza nsinjiro.

"Izi si za kutchalitchi ayi. N'za mdzukulu wanga Thandie, ndasinja dzulo. Uzimuthirira m'phala anenepe."

Pobwerera, Modesta anadzinyengerera njira yonse. Miyezi isanu ndi umodzi si zaka. Azakhali angathe kuphunzitsidwa pang'onopang'ono. Zaka zitatu zonsezi palibe mwana anagwa pansi atamwa phala. Komanso chibale ndi fupa, sichiola. Pofika pa siteji ya ku Chirimba anali atatsimikiza kuti asaina.

Anapeza Thandie akulira njala. Anakoleza mbaula mwachangu, n'kutereka phala. Litayamba kuwira anamasula kajumbo kaja, fungo la kwawo linamufika mpaka mumtima. Anatapa supuni yodzaza, naifikitsa pamwamba pa poto.

Dzanja linakana.

Anaima choncho, supuni ili m'malere, Thandie akumukoka chitenje. M'maso mwake munkangobwera mtedza wakuda kumutu uja. Anabwezera nsinjirozo m'jumbo, n'kuliika pamwamba pa kabati pomwe mwana sangafike. M'phalamo anangothira shuga.

Akumumwetsa mwanayo m'pamene manyazi anamugwira. Supuni imodzi yokha wamukaniza mwana wake, koma anali wokonzeka kusainira matumba athunthu kuti adye ana a eni, ana oti mikono yawo ndi yaing'ono kuposa ya Thandie. Pa tchalitchi iye yemwe ndiye ankakonda kuuza amayi anzake kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anatulutsa fomu ija, naitsamiritsa pa bondo, n'kulemba dzina la gulu la a Petronela. Cholembera chinaboola pepala.

Lachisanu anakapereka kwa a Hawkins, ndipo sanadikire kuti ayambe kufotokoza. Ali pa msewu, foni inalira. Anali azakhali. Kumbali kwawoko kunkamveka munsi, gu, gu, gu.

"Nanga mdzukulu wanga wazikonda?"

Bodza linali pafupi, lofewa, losavuta.

"Sindinamupatse, azakhali. Ndinaopa. Ndipo za kutchalitchi ndalemba anthu ena."

Munsi uja unasiya. Modesta anadikira mkuntho: kuti ndi wosayamika, kuti sukulu yamupengetsa, kuti asadzapondenso ku Bangwe. Zonsezo akanazilandira. Koma mawu amene anabwera anali aang'ono, ngati si a munthu amene anaseka dzulo uja.

"Waopa kumupatsa Thandie? Ndiye kuti n'zoona?" anafunsa. "Modesta, ana aja ndakhala ndikuwasinjira zaka zitatu. Ndiuze, alipo amene ndinamudwalitsa?"

Modesta anaima pakati pa njira, a kabaza akumuimbira mabelu kuti apatuke. Nkhope za ana aja zinkadutsa m'mutu mwake imodziimodzi, makamaka za amene sikelo yawo inkakana kukwera.

"Sindikudziwa, azakhali," anatero. "Wowathirira m'phala ndinali ine."