Jombo ya Kumanja

Simao anaimika jombo ziwirizo pamphasa, pakati pa malaya ndi mabuluku a malemu, n'kubwerera pampando wake.

"Taziyang'anani bwino, alamu," anatero.

Rosalina anali ataziyang'ana kale mpaka maso kuwawa. Ya kumanzere anachita kuidula kuchipatala kuti amuvule mwamuna wake. Ya kumanja inalibe ngakhale kabala. Inapezeka pansi pa mpando wa lole, zingwe zitamasulidwa bwinobwino, sokosi itapindidwa m'kati. Damião, mwamuna wakeyo, dalaivala wa lole pafamu ya fodya, anafa phazi limodzi lili lopanda nsapato. Madzulo amenewo ankatsika chitunda cha kumlatho atanyamula anthu ochokera kumunda, anapeza ngolo ya ng'ombe itapingasa pamsewu, ndipo lole inakagunda chipupa cha dothi mbali ya dalaivala. Onse akumbuyo anatsika ndi moyo, kuphatikizapo mwana wawo Conceição, amene anangothyoka mkono.

"Ndapitako ndekha pamalopo," anapitiriza Simao, mng'ono wa malemuyo. "Paphula palibe mzere wakuda ngakhale umodzi. Munthu akaponda mabuleki matayala amalemba pansi, ngakhale mwana amadziwa. Achimwene sanaponde. Ndiye munthu wovula nsapato, kuiika bwino, n'kusiya mabuleki, amakhala ataganiza chiyani?"

Simao anali munthu woti akangoona khomo lotseka amakhala atadziwa kale amene ali m'kati. Koma ulendo uno sanali yekha. Komboni yonse inkadziwa kuti Loweruka lililonse Damião ankakwera kombi kupita ku Norton, ati kukameta, chonsecho mutu wake unali dazi kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo. Mai Chisoni a nyumba yoyandikana, amene maso awo sankaphonya kanthu, anamuonapo akulowa m'sitolo ya mkazi wamasiye wina dzina lake Mwanaisha. Analowa kuseri kwa katani, ndipo pansi pa kataniyo mai Chisoni anaona ndi maso awo jombo itavulidwa.

"Nhumbi izi, zovala za malemuzi, sitigawa mpaka tidziwe," anatero Simao. "Ngati kuli mkazi kumeneko, kapena mwana, ayenera kudzakhala pamphasa ino. Tikamubisa, achimwene sagona, ndipo ife sitigonanso. Mupita nokha kapena ndipite ine?"

"Ndipita ndekha," anayankha Rosalina.

M'kombi m'mawa mwake anakhala pawindo, mtima uli kuwira. Maliro anali asanawalire bwino, chifukwa misozi ikati ituluke, mkwiyo unkaitsekereza. Anakumbukira phazi la mwamuna wake nthawi ya chakudya, mmene linkapondera pansi pang'onopang'ono, kubwerera, kupondanso, mwini wake maso ali kutali. Iye ankamufunsa ngati chala chalowa thekenya, Damião n'kungoseka. Tsopano anaona kuti linali phazi loyabwa, lofuna kukhala kwina. Anachita manyazi kuti iye, mkazi wamkulu wa mwana wotha msinkhu, ananamizidwa ndi nkhani ya kumeta dazi.

Sitoloyo inali kuseri kwa malo okwerera kombi. Mwanaisha anali kuyeza mchere pasikelo. Anali wamtali, wa mpango woyera ndi kachipini pamphuno, ndipo Rosalina anamuda nthawi yomweyo chifukwa sanapeze pomunyozera.

"Ndine mkazi wa Damião."

Mwanaisha anasiya mcherewo, anazungulira kauntala, n'kumugwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Nematambudziko, amai. Tinamva. Pepani kwambiri."

M'maso mwake munalengeza misozi. Rosalina anaiona misoziyo ndipo inamuchulukira. Munthu wongogulitsa sopo salira choncho kasitomala akafa.

"Sindinabwere kudzalandira pepani. Ndionetseni kuseri kwa kataniyo."

Mwanaisha anamuyang'ana, kenako anakoka kataniyo. Rosalina ankayembekezera bedi. Anapeza matumba a ufa, makatoni a makandulo, ndi chimakina chachikulu pakona: mpando ngati wa galimoto, chiwongolero, zopondera ziwiri pansi, ndi galasi lalikulu longa la wailesi yakanema, momwe tigalimoto tampikisano tinkathamangitsana tokha.

"Malemu amuna anga anagula chakale ku Harare kuti ana asukulu azisewera," anatero Mwanaisha. "Amuna anu ankabwera ana asanafike, n'kundipempha kuti nditseke katani. Ankati mkulu wa kwaya kutchalitchi akaoneka pachidole, komboni imuseka mpaka Khirisimasi."

"Mukundiyesa mwana, mai? Bambo wamkulu akwere kombi Loweruka lililonse chifukwa cha chidole?"

"Khalani pampandopo. Vulani nsapato ya kumanja."

Mawu amenewo anamulasa Rosalina pamtima. Anafuna kutuluka, koma miyendo inamufikitsa pampando. Anavula nsapato yake yapulasitiki. Chopondera cha mabuleki chinali chozizira, chosalala pakati pomwe mphira unatha. Mwanaisha anaponya kachitsulo pakabowo, makina n'kuyamba kulira ngati lole yokwera phiri.

"Chiwongolero ndigwira ine. Pondani cha kumanjacho. Eya, choncho. Ndikanena kuti imani, muime ndi chinacho."

Msewu wa m'galasi unayamba kuthamangira kwa iye. Mitengo inkadutsa, zikwangwani zinkadutsa, kenako kutsogolo kunaoneka kona yakuthwa ndi chipupa.

"Imani."

Rosalina anaponda ndi mphamvu zake zonse, mpaka msana unakanikiza mpando. Matayala analira mokweza. Mwanaisha anapotoza chiwongolero, koma galimotoyo sinamvere. Inangoterereka molunjika n'kukadzimenya pachipupa. Makinawo anabwerezanso kuonetsa ngoziyo, ulendo uno galimoto ikuonekera kunja, ndipo kumbuyo kwake kunali mizere iwiri yakuda bii.

"Aliyense amatero," anatero Mwanaisha. "Amuna anunso miyezi yoyamba ankatero, mpaka ndinkaopa kuti andithyolera chopondera. Galimoto zatsopano, ngati ya bwana wawo, akuti mabuleki ake ali ndi nzeru, uponde mmene ungathere amadzimasula okha. Lole ilibe zimenezo, makinawa alibenso. Ukaponda ndi mantha matayala amauma osazungulira, ndiye chiwongolero chilibenso ntchito, umapita kumene galimoto yafuna. Uyenera kuponda mpaka matayala atatsala pang'ono kulira, n'kubweza chala pang'ono, n'kupondanso. Ankati jombo siimva zimenezo, phazi lenileni ndilo limamva, ndiye ngakhale m'lole ankaivula asananyamuke."

Rosalina sanachotse maso pamizere ija.

"Ndipo akaponda bwino?"

"Msewu umatsala woyera. Chaka chino ankamaliza mpikisano wonse osalemba pansi. Ankandiitana kuti ndidzaone, akusekerera ngati mwana wakhoza mayeso."

"Ankafuniranji zimenezi? Lole ankaidziwa kale."

"Inawathawapo tsiku lina ilibe katundu, inaterereka mpaka m'chimanga. Sanauze munthu, kuopa ntchito. Ati mwezi womwewo ndi umene mwana wanu anayamba kukwera lole kupita kumunda."

Rosalina anavala nsapato yake pang'onopang'ono. Mtima wokayika suchoka msanga, ndipo wake unali utakhazikika ndithu. Nkhani yabwino chonchi mkazi wochenjera akhoza kuikonza.

"Inuyo munkakhala kuti iwo ali muno?"

"Kukauntala, amai. Amuna anu akanakumana nane pamsewu sakanandizindikira. Pa ine ankadziwa dzanja lokha lopereka tizitsulo." Anawonjezera motsitsa mawu: "Ndalira chifukwa inenso ndinaika mwamuna m'manda. Musandikhulupirire ine. Mwana wanu anali pa lolepo, kamufunseni."

Anafika kukomboni dzuwa litapendeka. Conceição anali kuseri kwa nyumba, mkono uli m'chikhakha, akuyesa kusenda chimanga ndi dzanja limodzi. Chichitikire ngoziyo, akuluakulu onse anali atalankhula, koma panalibe amene anamufunsa kanthu mtsikanayo, poti ankangomuuza kuti apume.

"Mwanangu, lole isanagunde, unamva chiyani?"

"Tinakankhikira kutsogolo tonse, amayi, ngati wina watikoka. Mai Chisoni anandigwera pamsana. Kenako inakhala ngati yamasuka, n'kutikokanso."

"Matayala analira?"

"Ayi. Inangochepetsa liwiro, n'kukhota. Kumanzere kunali mtsinje, kutsogolo ngolo ija muli ana. Ababa anakhotera kuchipupa, mbali imene anakhala iwowo."

Rosalina anakhala pansi pomwepo padothi. Misozi imene inakana kutuluka kumanda inatuluka tsopano, ndipo analira mwamuna wake, dazi lake ndi bodza lake la kumeta. Analiranso chifukwa cha manyazi, poti kwa masiku onsewo anamuda mwamuna amene anamubwezera mwana wamoyo.

M'mawa mwake mphasa inayalidwanso, abale atakhala mozungulira. Simao anatsokomola.

"Ndiye kuli munthu ku Norton woti timudikire?"

"Kulibe."

"Mwatsimikiza, alamu? Akazi am'tauni amadziwa kulankhula."

"Ndatsimikiza. Gawani."

"Nanga mabuleki aja?"

"Anaponda."

"Popanda mzere pansi?"

"N'chifukwa chake inu munaika m'manda munthu mmodzi, osati lole yonse."

Simao anayang'ana mai Chisoni, mai Chisoni anayang'ana pansi. Sizikudziwika ngati anakhutira, pakuti Simao sankakonda kubweza mawu. Koma anatenga jekete ya kwaya n'kutchula dzina la woilandira, ndipo kugawa kunayamba. Malaya anapita, mabuluku anapita, chipewa chinapita kwa msuweni wa ku Tengwe. Jombo zija panalibe wozifuna, popeza imodzi inali yodulidwa.

Rosalina anatambasula dzanja n'kutenga ya kumanja. Anatulutsa sokosi ija, anaikutumula fumbi, anaipinda mmene mwini wake anaipindira, n'kuibwezera m'kati. Anaiika jomboyo pambali pake n'kumamvetsera mayina akutchulidwa.

Patapita kanthawi Conceição anamugwira pabondo.

"Amayi," ananong'ona, "phazi lanu likuchita ngati la ababa."

Rosalina anayang'ana pansi. Chala chachikulu cha phazi lake la kumanja chinkaponda mphasa pang'onopang'ono, kubwerera pang'ono, kupondanso. Sanachiletse.