Nambala Yanga pa Chikwangwani cha Gasi

Pamene abwana ankatsegula sitolo yogulitsa gasi wophikira, analibe foni ya pantchito. Anandiuza kuti, "Tiyambe talemba nambala yanuyi, mwezi wamawa tigula yathu." Mwezi wamawawo unatenga zaka zisanu ndi zinayi osafika. Nambala yanga inali pachikwangwani, pachitseko cha galimoto, ngakhale pamasilinda penipenipo. Anthu ankandiimbira ndili kubafa, ndili pamaliro, onse nyimbo yake imodzi: gasi watha, poto ali pamoto.

Ndikanasintha nambala kalekale, koma sindikanayerekeza. Mwana wanga wachisamba anachoka pakhomo zaka zitatu zapitazo atayambana ndi bambo ake, osatiuza kumene akupita. Foni analibe. Chimene anachoka nacho ndi nambala yangayo, imene analoweza pamtima ali wamng'ono pamene ndinkaopa kuti angasochere. Ndiye nambala yachilendo ikaimba, mtima wanga unkadumpha, kenaka n'kungomva kuti, "Muli ndi silinda yaing'ono?"

Adokotala atanena kuti ndigonekedwa milungu iwiri kuti andichite opaleshoni, abwana anandipepesa bwinobwino, kenaka n'kufika pamene panagona mtima wawo.

"Nanga makasitomala, mayi? Foniyo ingotsala konkuno."

Ndinaisiya m'manja mwa mnzanga wa pakauntala. Mkazi ameneyu tinkadyera mbale imodzi. Ntchitoyo ndinamupezera ndine, ndipo misozi yonse imene ndinakhetsa chifukwa cha mwanayu inagwera paphewa lake. Ndinamugwira dzanja.

"Asisi, akaimba mnyamata n'kunena kuti 'amayi', chonde musadule. Mumuuze kumene ndagona, nambala yakeyo mulembe."

"Inunso, zimenezo n'zochita kundiuza? Pitani mukachire."

Nditabwerera kuntchito, ndisanaike n'komwe chikwama pansi, ndinamufunsa.

"Palibe, asisi. Ndi a gasi okhaokha."

Mndandanda wa amene anaimba anali ataufufuta, ati foni inadzaza. Ndinakhulupirira, mpaka ndinamugulira zakumwa pomuthokoza. Kupusa kwina kumachita kukuyenera ngati diresi.

Patapita masiku anayi ndinaperekeza dalaivala wathu kukatula masilinda kulesitilanti ina. Ndi bambo wachikulire wosakonda zolankhulalankhula. Titaima pa maloboti anatsokomola.

"Mayi, mwana uja munalankhula naye?"

"Mwana uti?"

Anandiyang'ana, kenaka anayang'ana chiwongolero. "Anaimbatu Lachisanu loyamba lija masana, anthu atadzaza m'sitolo. Ine ndinali pakauntala pomwepo, mawu ake ndinawamva. Anati, 'Amayi, ndine.' Mnzanu uja anamuyankha kuti, 'Kuno n'kwa gasi, kulibe amayi ako kuno.' Ataimbanso, anadina zina zake, foni sinalirenso. Ine ndimayesa anakuuzani."

Sindikumbuka kuti masilindawo tinawatsitsa bwanji. Titabwerera ndinamupeza mnzanga uja akupukuta kauntala, ndipo ndinamufunsa anthu ali pomwepo.

"Abwana anali ataima kumbuyo kwanga," anatero osandiyang'ana. "Anati aliyense wosagula gasi tizimubuloka chifukwa akutseka laini. Mumafuna andichotse ntchito?"

"Nambala yake munalemba?"

"Anthu anali ambiri."

"Nanga nditabwera, bwanji simunandiuze?"

Anangopitiriza kupukuta malo amene anali atawala kale. Abwana anasuzumira pakhomo la ofesi yawo n'kuponyapo mawu: "Mayi, foni ikakhala pantchito ndi ya ntchito. Za kunyumba zizithera kunyumba."

Foni yogula ndekha imeneyo. Koma za abwana sizinandipweteke kwambiri, chifukwa munthu amene anandibwereka nambala zaka zisanu ndi zinayi ndinkamudziwa kale. Chinandilasa ndi mnzangayo. Anadziwa kuti ndi mwana wanga, anamva mawu ake, ndipo kwa masiku anayi anakhala nane pa benchi imodzi akundifunsa ngati bala likupola.

Ndinatulukira kuseri, kumene timaunjika masilinda opanda kanthu, n'kutsegula mndandanda wa manambala otsekeredwa. Umenewo anaiwala kufufuta. Munali nambala imodzi yokha. Ndinaiimba pomwepo.

Anayankha bambo wina wa mawu okhuthala. Ndinamufotokozera zonse.

"Ee, ndamukumbuka," anatero. "Wamtali, wowonda, ananyamula kachikwama kakuda. Anandibwereka foni pa depoti ya basi. Sindimudziwa, mayi, tinangokhala pa benchi imodzi."

"Ananena kumene akupita?"

"Ayi. Basi yanga inabwera, ndinamusiya pomwepo."

"Sananene kanthu kalikonse?"



"Pondibwezera foni ndinamufunsa ngati walakwitsa nambala. Anati ayi, nambala ndi yomweyo, kungoti kwawo sakumufunanso."